ULENDO WA PA BWATO M'MADAMBO A BANGWEULU

Nyengo ya masika ikapita, cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndipo ndalama za thonje, nshawa kapena fodya zikafika m'manja, anthu ambiri a kuno kum'mawa amayamba kuganiza za ulendo. Ena amakwera basi kunka ku Lusaka kukaona ana, ena amapita ku Migodi kukaceza ndi abale amene sanaonane nao zaka zambiri. Koma ndi owerengeka okha amene amanyamuka ndi colinga cakuti akaone mitsinje ndi nyanja za dziko lao, pamene alendo ocokera kutsidya kwa nyanja amataya ndalama zambiri kudzaona zinthu zomwezo. Makolo athu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cotero sabata ino tifuna kukutengani, inu awerengi, kunka ku madambo a Bangweulu, ndi kukufotokozerani cifukwa cace munthu wofuna kuwaona bwino ayenera kusankha bwato laling'ono, la anthu ocepa, loyenda mosafulumira.

DZIKO LA MADZI

Dzina lakuti Bangweulu amalimasulira kuti malo amene madzi akumana ndi thambo, ndipo munthu akaima pa mcenga woyera wa ku Samfya n'kuponya maso kum'mawa amabvomereza kuti amene anacha dzinali sananame. Tsidya lina silioneka. Madzi ndi mitambo zimangolumikizana, kotero kuti msodzi ali patali amaoneka ngati akupalasa m'mlengalenga.

Komatu nyanja imene ioneka pa Samfya ndi gawo locepa cabe. Madzi oyera opanda udzu ali ndi ukulu wa masikweya kilomita pafupifupi 3,000, koma mvula ikagwa mokwanira madzi amasefukira m'madambo ndi m'zigwa kufikira malo onse omizidwa afika pafupifupi 15,000. Nyanjayi si yakuya ai, pakuti m'malo ambiri kuya kwace ndi mamita 4 okha. Mitsinje yambiri imathira m'menemo, ndipo waukulu mwa yonse ndi Chambeshi, umene ucokera ku mapiri a kufupi ndi Mbala. Mtsinje woturutsa madzi ndi umodzi wokha, ndiwo Luapula, umene umawatenga kunka ku nyanja ya Mweru, ndipo kucokera kumeneko amalowa mu mtsinje wa Congo mpaka kukafika ku nyanja ya mcere ya Atlantic. Madzi a Luangwa wathu amapita kum'mawa kudzera mu Zambezi, koma a Bangweulu amapita kumadzulo, cifukwa pakati pathu ndi iwo pali mapiri a Muchinga ndi mtunda wautali umene ugawa madzi a dziko lino.

Madambowa akhudza zigawo zinai: Luapula, Kumpoto, Muchinga ndi Pakati. M'kati mwace muli zisumbu zokhala anthu monga Chilubi, Mbabala ndi Chishi. Muli midzi, masukulu, machalichi ndi zipatala zimene munthu sangafikeko ndi galimoto kapena njinga. Kwa anthu amenewa bwato ndilo ngolo, ndilo basi, ndilonso ambulansi. Mwana amaphunzira kugwira nkhafi pa msinkhu umene mwana wa kwathu amaphunzira kubusa mbuzi.

NJIRA YOPITIRA

Wocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke ayenera kuyamba wafika ku Lusaka, ndipo pambuyo pace atsate mseu wa kumpoto wodzera ku Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi ndi Serenje. Atapitirira Serenje pang'ono, njira zigawikana. Yakumanzere imapita ku Samfya ndi Mansa, ndipo imaoloka Luapula pa ulalo wautali wa Mukuku, pamene munthu amayamba kuona gumbwa ndi madzi mbali zonse ziwiri za mseu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Samfya ndi makilomita pafupifupi 700. Njira ina ipitirira ca ku Mpika, nikhota kulowa m'chire kudzera ku Lavushi Manda ndi kwa Mfumu Chiundaponde kufikira ku Chikuni, kumene kuli cigwa cacikulu ca nyama ndi poyambira maulendo okaona mbalame. Njira imeneyi ndi ya fumbi, ndipo ifuna galimoto lolimba.

Nthawi yabwino ndi kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Julayi. Pamenepo mvula yaleka, misewu yayamba kuuma, koma madzi akali okwanira kuti bwato lilowe m'tinjira ta m'gumbwa. Mukacedwa kufikira Okutobala mudzapeza madzi atathawira kutali, ndipo malo ena amene mukadayenda pa bwato mudzayenda pansi, m'matope ofika m'maondo.

KUSANKHA BWATO

Pa doko mudzapeza mabwato a mitundu itatu. Alipo akuluakulu a injini amene anyamula anthu ndi katundu pakati pa Samfya ndi zisumbu. Alipo apakati, amene anthu amawacha banana cifukwa ca maonekedwe ace, ndipo ena a iwo ali ndi injini pamene ena amangopalasidwa. Aliponso mabwato osema pa mtengo umodzi, amene makolo a kumeneko akhala akuyendera kuyambira kale lomwe.

Ngati colinga canu ndi kuoloka msanga kuti mukafike ku Chilubi, bwato lalikulu ndilo loyenera, pakuti pa nyanja yoyera mphepo ikauka mafunde amakula, ndipo bwato losema silingalimbane nao. Koma ngati mwabwera kudzaona dambo, bwato lalikulu lidzakumanani zonse zimene munadzera. Phokoso la injini limafika patsogolo inu musanafike, ndipo mbalame ndi nyama zimathawa mukali kutali. Mafunde ace amagwedeza zisa zomangidwa pa udzu woyandama, ndiponso amabvutitsa asodzi a m'mabwato ang'onoang'ono. Kuonjezera apo, tinjira tambiri ta m'gumbwa ndi topapatiza kotero kuti bwato lalikulu silingalowemo konse.

Kuculuka kwa anthu nakonso kuli ndi mabvuto ace. Pa gulu la anthu makumi awiri sipalephera wina woseka mokweza, wina wotsegula wailesi, wina wofuna kubwerera msanga cifukwa ca njala. Wopalasa akaloza cinthu, a kumbuyo samva, ndipo mau akamawafika cinthuco capita kale. Pamene muli anai kapena asanu ndi mmodzi, ogawidwa m'mabwato awiri kapena atatu, aliyense amamva zimene wotsogolera anena, aliyense angathe kufunsa, ndipo mukagwirizana kuima pamalo amodzi kwa ora lathunthu palibe wodandaula.

Cifukwa cacikulu koposa ndi moyo wanu. Ngozi zambiri za pa madzi m'dziko muno zimadza cifukwa ca kudzaza bwato kopitirira muyezo, kuyenda usiku, ndi kunyoza mphepo. Mukaona kuti anthu ndi matumba aculuka kotero kuti madzi atsala pang'ono kufika pa milomo ya bwato, tsikani, ngakhale mutalipira kale. Ndalama zimapezeka, koma madzi akatayika saoleka.

TSIKU LIMODZI PA MADZI

Ife tinanyamuka pa Chikuni dzuwa lisanaturuke, tiri anthu asanu pamodzi ndi otipalasa. M'mwezi wa Juni kumazizira kwambiri kumeneko, ndipo nkhungu inali itaphimba cigwa conse. Pamene inayamba kuyera tinaona kuti zimene tinkayesa zitsa zinali nyama, zikwi ndi zikwi, zitaimirira m'madzi osaya kufikira kumene maso alekezera. Nyamazi Abemba amazicha inja, ndipo Angerezi amati black lechwe. Zifanana ndi nswala, koma zamphongo zikakula zimada pamsana ndi m'nthiti. Ziboda zace ndi zazitali, zoyenera matope, ndipo zikaopsedwa zimathawira m'madzi, zikudumpha ndi kuwaza madzi ngati mvula ya matalala. Mtundu wakuda umenewu kwao kweni kweni ndi kuno ku Bangweulu, ndipo m'chire la maiko ena simungaupeze.

Titalowa m'mabwato, otipalasa anaimirira kumbuyo, aliyense ndi mtengo wace wautali umene amaukhoma pansi ndi kukankha. Poyamba mlendo amagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri, cifukwa limagwedezeka munthu akangotembenuza mutu. Lamulo lace ndi limodzi: khala pansi, pakati peni peni, ndipo usaimirire. Patapita kanthawi thupi limazolowera, ndipo mtima umatsika.

Pamenepo ndi pomwe munthu amayamba kumva dambo. Madzi amalira pang'onopang'ono kunsi kwa bwato, gumbwa amakhuza m'mbali, acule amayankhana. Madzi a m'tinjirati ndi oyera kotero kuti tinkaona tinsomba tikuthawa mthunzi wathu. Maluwa a kakombo, oyera ndi obiriwira ngati thambo, anayamba kutseguka pamene dzuwa linakwera, ndipo pamwamba pa masamba ace pankayenda timbalame tofiirira ta zala zazitali, tosamira konse. Tinaona akakowa, atsekwe, abakha a m'madzi, avuwo, ndi nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yathu, itakhala pa mtengo wouma nkumalira mutu uli cagada. Odziwa za mbalame awerenga mitundu yoposa 400 m'dera limeneli.

Pa malo ena wotipalasa anaimitsa bwato osanena kanthu, nangoloza ndi cibwano. Tinayang'ana nthawi yaitali osaona ciriconse koma bango. Kenaka khutu linagwedezeka, ndipo tinazindikira kuti pakati pa bangolo panaima nsobe, nyama yamanyazi ya m'madambo, imene imatha kumira thupi lonse n'kusiya mphuno yokha pamwamba. Tikadakhala pa bwato la injini tikadaipitirira osadziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Otipalasa atamva kuti tacokera kum'mawa, cimbuya cinayamba pomwepo. Anatifunsa ngati tinabwera ndi mbewa zathu za kamba wa pa njira, popeza m'madzi mulibe mauna okumba. Ife tinawayankha kuti tadabwa kuona Abemba ali ndi moyo m'dziko lopanda mitengo ya anyani. Kuseka kumeneko kunatsegula pakamwa, ndipo anatiuza zambiri zimene sitikadazimva pa gulu lalikulu: m'mene amadziwira njira poona kumene udzu wa pansi pa madzi wagonera, malo amene mvuu zimakonda ndi cifukwa cace bwato liyenera kuwalambalala patali, ndiponso m'mene mabanja amasamukira ku misasa ya usodzi madzi akayamba kutsika.

MBALAME YA MLOMO WONGA NSAPATO

Cimene cimakokera alendo ambiri ku Bangweulu ndi mbalame imodzi, imene Angerezi amaicha shoebill cifukwa mlomo wace ufanana ndi nsapato yaikulu. Ndi yotuwa ngati phulusa, ndipo ikaimirira imapitirira mita imodzi, msinkhu wa mwana wa sukulu. Imapezeka m'madambo akuluakulu a maiko ocepa okha monga South Sudan, Uganda ndi Tanzania, ndipo kum'mwera konse malire ace ndi Bangweulu.

Kuti tiipeze tinayenda maora atatu, ndipo pomarizira tinatsika m'bwato ndi kuponda pa udzu woyandama umene umanjenjemera ngati cikumba cofewa. Tinaipeza itaima yokha pa thawale, yosagwedezeka ngati cosema. Umo ndi m'mene imasakira: imadikira mlamba kuti ubwere pamwamba kudzapuma mpweya, ndipo pamenepo imadzigwetsa ndi thupi lonse, mlomo patsogolo. Wotsogolera anatiimika patali, natiletsa kulankhula. Tinakhala pamenepo mpaka miyendo inacita dzanzi, ndipo mbalameyo inangotembenuza mutu kamodzi kutiyang'ana ndi maso ace otumbuluka.

Mbalameyi siswana msanga. Kawirikawiri imaikira mazira awiri pa cisa ca udzu, koma mwana amene amakula ndi mmodzi. Moto wa m'dambo umaocha zisa, ndipo anthu ena osaopa lamulo amaba anapiye kuti akawagulitse kunja. Cifukwa ca ici asodzi ena a komweko analembedwa nchito yolonda zisa kufikira ana atauluka, ndipo m'zaka zaposacedwa kwamangidwa malo olerera anapiye opulumutsidwa, amene amabwezedwa m'dambo akakula. Gulu lalikulu laphokoso likafika pafupi ndi cisa, make amathawa, ndipo mazira kapena mwana amatsala pa dzuwa. Apa mpamene kusankha bwato laling'ono kumakhala nkhani ya moyo wa mbalameyo.

MADZI AMENE ANAGONJETSA LIVINGSTONE

Madambo amenewa ali ndi mbiri yace. David Livingstone anafika pa nyanjayi m'caka ca 1868, ndipo anabweranso mu 1873 akufunafuna gwero la mtsinje wa Nile, osadziwa kuti madzi amene anali kuwatsata ndi a Congo. Anafika m'nyengo ya dzinja, madzi atasefukira ponseponse, ndipo anabvutika masabata ambiri m'matope ndi m'mvula, akudwala, akusowa mabwato okwanira anthu ace. Pomarizira anamnyamula pa macira kufikira m'mudzi wa Mfumu Chitambo, kum'mwera kwa madambo, kumene anamwalira kuciyambi kwa mwezi wa Meyi 1873. Anyamata ace, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, naumitsa thupi, nalinyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo pa gombe la nyanja ya mcere. Anaikidwa ku Westminster Abbey mu London m'caka ca 1874. Pa malo amene panali mtengowo pali cipilala ca cikumbutso, ndipo wopita ku Samfya angathe kupatuka kukaciona.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, madambo omwewa anasanduka mseu. Katundu wa asilikali amene anali kumenya nkhondo ku malire a kumpoto ananyamulidwa pa mabwato osema mazanamazana, kucokera pa Luapula, kudutsa m'gumbwa, kukwera ndi Chambeshi. Amene anagwira nchitoyo anali makolo a anthu omwe akupalasa alendo lero. Njira zimene zinasokoneza mlendo wochuka, eni dziko anali kuzidziwa ngati njira ya kumunda.

ENI DAMBO

Bangweulu asiyana ndi nkhalango zosungira nyama monga South Luangwa, m'mene anthu saloledwa kumanga midzi. Kuno anthu ndi nyama akhala pamodzi. Aunga a m'kati mwa madambo, Abisa a kum'mawa ndi Ang'umbo a ku Samfya amadalira nsomba ndi cinangwa. Madzi akamatsika amamanga mabiyo a dothi ndi udzu m'zigwa, nachera miono pa mipata yace, ndipo nsomba zouma za kuno zimagulitsidwa kufikira ku Migodi ndi ku Lusaka.

Kuyambira m'caka ca 2008, mbali ya kum'mawa ndi kum'mwera kwa madambowa isamalidwa mogwirizana ndi Boma, bungwe la African Parks, ndi makomiti a anthu a mafumu asanu ndi mmodzi: Kopa, Chiundaponde, Kabinga, Nsamba, Bwalya Mponda ndi Chitambo. Madambowa analembedwanso mu 1991 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Caka ciriconse usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Komabe mabvuto alipo. Anthu aculuka, ndipo ena amasodza ndi maukonde oteteza udzudzu, amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Wocita zimenezi ali ngati mlimi wokazinga mbeu yace.

Msodzi sangasunge mbalame kapena inja cifukwa cakuti mlendo amazikonda. Adzazisunga akaona kuti zimbweretsera kanthu m'nyumba. Mukalemba wopalasa wa m'mudzi momwemo, mukagula nsomba kwa amai a pa msasa, mukagona pa malo oyendetsedwa ndi anthu a m'deralo, ndalama zanu zimatsala m'manja mwa eni dambo. Mabwato atatu ang'onoang'ono amadyetsa mabanja atatu kapena kuposa, pamene bwato limodzi lalikulu limalemeretsa mwini injini yekha.

MAU KWA OFUNA KUPITA

Gwirizanani anthu ocepa odziwana, monga banja, aphunzitsi a sukulu imodzi kapena a kalabu ya alimi, ndipo sonkhani ndalama pasadakhale. Pofika, yambani mwaonekera kwa oyang'anira malo kapena kwa a mfumu, ndipo funsani wopalasa wodziwika, pakuti safunsa anadya phula. Panganani mtengo musanakwere. Funsani majekete oyandamitsa, makamaka a ana. Nyamukani m'mamawa, cifukwa mphepo imakonda kuuka dzuwa likakwera, ndipo bwererani kusanade. Tengani cobvala ca mphepo, cipewa, madzi akumwa ndi ukonde wa udzudzu, popeza malungo ndi ambiri kumeneko. Musasambe kapena kulowetsa manja m'madzi mwacisawawa, cifukwa muli ng'ona, ndipo m'madzi oima mungatenge likodzo. Mowa usiyeni kumtunda. Musajambule munthu kapena msasa wace osapempha, ndipo popereka moni nenani kuti mwapoleni mukwai, mudzaona nkhope zikumasuka.

Pobwerera kwanu, kayang'aneni dambo la kumunsi kwa mudzi wanu, limene limakupatsani madimba, udzu wofolera ndi madzi a ng'ombe m'cilimwe. Nchito yace ndi yomweyo ya Bangweulu: limasunga madzi a dzinja ndi kuwaturutsa pang'onopang'ono mvula italeka. Likaochedwa caka ndi caka, mitengo ya m'mbali mwace ikatha, ndipo likalimidwa kufikira m'mphepete mweni mweni mwa mtsinje, zitsime zimaphwa mwezi wa Ogasiti usanathe. Anthu a ku Bangweulu akuyesetsa kusunga dambo lao kuti ana ao adzapeze nsomba, ndipo ife a kum'mawa tiyenera kucita cimodzimodzi ndi madambo athu.